Mfundo Zitatu pa Maliro a Zakeyu

Kwathu kuno, chakumtunda kwa Kapondo, tinali ndi munthu mmodzi yekha wodziwa kuganiza. Enafe tinkangolima mtedza, kukwatira, kubereka ndi kuikana m'manda osaganiza konse, ndipo sitinkadziwa kuti tikulakwitsa mpaka pamene Timoteyo anabwerako kuseminale ya kumalire kuja. Anapita kukaphunzira unsembe, koma anabwerako ndi filosofi yokha, mkanjo anausiya komweko. Iye ankati anachoka yekha chifukwa mafunso ake anachuluka kuposa mayankho amene ankapatsidwa. Ife sitinatsutse, pakuti kutsutsana ndi Timoteyo kunali kutaya tsiku lathunthu la ntchito.

Chimene anabwera nachocho ankachitcha lojiki. Anatifotokozera tsiku lina pakhonde la golosale kuti maganizo ali ngati banja: mfundo ziwiri zoyamba ndi bambo ndi mayi, yachitatu ndi mwana wawo. "Nkhuku zonse zili ndi nthenga. Tambala uyo ndi nkhuku. Choncho tambala uyo ali ndi nthenga." Mwana ameneyo, anatero, ndi wa m'nyumba, wabadwadi mwa makolo akewo. Koma alipo ana ena apathengo, ongokankhidwira kwa makolo amene sanawabereke, ndipo ntchito ya munthu wophunzira ndi kuwazindikira. Ife tinayang'ana tambala uja, tinaona kuti nthenga analidi nazo, tinathokoza. Kuyambira tsiku limenelo dzina lake linasanduka a Choncho, ndipo ngakhale ana ankamuitana motero.

Inali nyengo imene matipate anali atangofika, pamene aliyense anazindikira mwadzidzidzi kuti ali ndi pakamwa. Kumsika, kuchigayo, pamjigo, anthu ankatsutsana za zipani mpaka thovu kukamwa. Timoteyo analibe chipani. Akaweruka kusukulu ya pulayiveti imene ankaphunzitsako, ankangozungulira pakati pa otsutsanawo n'kumauza aliyense kuti mwana wake ndi wapathengo. Nthawi zina mbali zonse zinkasiya mkangano wawo n'kumuthamangitsa pamodzi, ndipo kumeneko kunali kugwirizana kokhako kwa zipani kumene tinakuona m'dera lathu. Komabe ndisamunamizire: sanali munthu woipa mtima. Bodza sankalidziwa, ndipo mfundo yokhota inkamupweteka m'thupi ndithu monga dzino lobooka.

Bambo ake, a Zakeyu, anali osiyana naye kutalitali. Anachokera ku Mulanje ali mnyamata kudzagwira utenanti pa esiteti ina ya fodya, anaona a Luwiza akuimba kwaya, basi ulendo wobwerera kwawo unathera pomwepo. Amati mkamwini ndi mlamba sachedwa kuterereka, koma a Zakeyu anakhala pachikamwini mpaka imvi. Anali munthu wa mawu ochepa, wa moni ndi zikomo. Anamwalira m'nyengo yokumba mtedza, atangodwala pang'ono, ndipo pamudzi tonse tinamva chisoni chenicheni.

A Luwiza anali ataimba kwaya ya tchalitchi chathu chaching'ono kuyambira ali namwali. Panalibe maliro a Mkhristu m'midzi yathu amene sanawaperekeze ndi mawu awo. Tsopano linali tsiku lawo lobwezeredwa, ndipo sankapempha zambiri: mtanda patsogolo, kwaya pambuyo pa bokosi, nyimbo kuchokera pakhomo mpaka kumanda. Kwathu munthu woikidwa mwachinunu amasiyira mbumba yake manyazi osatha, anthu amaloza ngakhale zidzukulu zake. Koma tsiku la imfa linapita kwaya osaoneka. Kutacha, tsiku loika maliro, kunangobwera uthenga wochokera kwa a Felix, tcheya wa mpingo, wakuti akuluakulu a tchalitchi ayenera kuyamba akumana. Bambo mfumu anali kutali paulendo woyendera matchalitchi ena, ndipo maliro sadikira munthu.

Amayi amene anadzaza m'nyumba ya siwa ankadziwa chimene chinkanong'onedwa, koma ndani angauze wamasiye zotere mtembo uli pamphasa? Iwonso a Luwiza sakanachoka pambali pa amuna awo. Anaitana mwana wawo pakhomo.

"Timo, pita ukamve chimene akufuna anthuwo. Bambo ako asapite mwachinunu, wamva?"

"Ndamva, amayi. Kwaya ibwera."

Anavala jekete n'kunyamuka. Ife amene tinalibe chochita pasiwa tinamutsatira, ena chifukwa cha chisoni, ena chifukwa sitinkafuna kuphonya.

M'tchalitchimo akuluakulu anakhala kutsogolo, ife ongoonerera tinadzaza mabenchi a kumbuyo. Pansi pa benchi loyamba panagona Zilikwanu, galu wa a Felix, amene sankasiyana ndi mbuye wake ngakhale pa mapemphero. A Felix anatsegula ndi pemphero lalifupi.

"Abale, maliro ali m'nyumba, tisatalikitse," anatero. "Lamulo mukulidziwa. Munthu akakhala wa gule wamkulu, mpingo suyendetsa mwambo wa maliro ake. A Greyson, nenani zimene mwabwera nazo."

A Greyson, mlembi wa mpingo, anaimirira n'kukonza kolala ya malaya.

"Ine sindikufuna kunyoza malemu, ayi. Koma tonse tikudziwa kuti ng'oma zikangolira kudambwe, amuna a gule amasowa pamudzi. Pakhomo suwapeza, kumunda suwapeza. Nanga a Zakeyu? Alipo muno amene anawaonapo tsiku la gule? Ife Akhristu timakhala pakhomo pathu, anthu n'kumationa. Iwo ayi, ankangoti zii kuyambira m'mawa mpaka gule atatha. Zaka zonsezi. Munthu wobwera akafuna kuyenda mwaufulu pakati pa zilombo, amalowa nawo, amagula njira. Ine ndikuti a Zakeyu anagula njira."

Mitu ingapo inagwedezeka. Zinali zoona kuti palibe anakumbuka kuwaona a Zakeyu tsiku la gule, ngakhale kuti mpaka tsiku limenelo palibenso anali atawafunafuna.

Mayi Benedicta, mtsogoleri wa kwaya komanso mnzawo wa ponda apa m'pondepo wa a Luwiza, sanadikire kupatsidwa mpata.

"A Greyson, nenani zoona pamaso pa Mulungu. Si nkhani ya malire a dimba ija imeneyi? Si inu munalumbira pagulu kuti mudzaonana nawo a Zakeyu? Ndiye mwadikira mpaka agone kuti muonane nawo?"

Tchalitchi chonse chinachita phokoso. Nkhani ya dimbayo aliyense ankaidziwa. A Greyson anayamba kupukuta thukuta m'nyengo yozizira, ndipo ndikunenetsa kuti mlandu ukanathera pomwepo, kwaya ikanavala yunifolomu. Koma Timoteyo anakweza dzanja.

"Pepani mayi Benedicta, tisalowe kumeneko. Munthu wa chidani akhoza kunena zoona, monganso munthu wa chikondi akhoza kunama. Tiweruze mawuwo, osati mwini mawu."

"Zikomo kwambiri, a Choncho," anatero a Greyson, ndipo anathokozadi kuchokera pansi pa mtima.

Mayi Benedicta anakhala pansi akuyang'ana mnyamatayo ngati akuona munthu woponya khasu lake m'chitsime. Koma Timoteyo analibe nkhawa, zida zake ankazikhulupirira. Anapita kutsogolo n'kutambasula zala.

"A Greyson, ndiloleni ndiyale bwino mawu anu. Mfundo yoyamba: a gule onse amasowa pamudzi tsiku la gule. Yachiwiri: bambo anga ankasowa pamudzi tsiku la gule. Yachitatu: choncho bambo anga anali a gule. Ndawonjezerapo kapena ndachotsapo?"

"Ayi, ndi momwemo ndithu."

"Chabwino. Tsopano nonse mundiyankhe. Mbuzi zonse zimadya msipu. Zoona?"

"Zoona!" tinayankha.

"Ng'ombe ya a Tcheya imadya msipu. Zoona?"

"Zoona!"

"Choncho ng'ombe ya a Tcheya ndi mbuzi."

Anthu anaphulika ndi phwete. Tinaseka mpaka kuiwala kuti tili pamaliro, Mulungu atikhululukire. Ngakhale a Felix anagwira pakamwa.

"Ng'ombe yanga ija ndi yoonda, inde," anatero, "koma sinafike pamenepo."

"Mwaona?" anapitiriza Timoteyo. "Mfundo ziwiri zoyambazo ndi zoona zonse, koma yachitatuyo sinabadwe mwa izo. Msipu amadya ambiri. Kusowa pamudzi nakonso amasowa ambiri. Wopita kuchigayo wasowa. Wowolotsa shuga kupita naye ku Zambia wasowa. Wokaona mkazi wa mwini kumudzi wina wasowanso. Kodi onsewa ndi a gule? A Greyson akanati okhawo a gule ndiwo amasowa, bwenzi zili zina, koma zimenezo sanganene chifukwa akudziwa kuti ndi bodza. Mwana wawoyu ndi wapathengo."

"Nanga ankapita kuti?" anafunsa a Greyson, mawu atachepa.

"Sindikudziwa, ndipo si ntchito yanga kudziwa. Wabweretsa mlandu ndiye abweretse umboni. Inu mwabweretsa msipu."

Ndikuuzani, tsiku limenelo ndinanyadira kuti mudzi wathu unatumiza mwana kusukulu. Kwa nthawi yoyamba lojiki ija inagwira ntchito yooneka ndi maso. A Greyson anangokhala pansi n'kumayang'ana nsapato zawo. A Felix anayang'ana akuluakulu anzawo, onse anagwedeza mitu movomereza.

"Ndiye ndikuona kuti mlandu palibe," anatero a Felix. "Malemu anabatizidwa, ukwati anamanga muno. Mayi Benedicta, sonkhanitsani kwaya, nthawi yatha."

Mayi Benedicta anadzuka misozi ili m'maso. Chimwemwe n'chimene chinawalankhulitsa, sanafune kutuluka asanaikepo mawu abwino pa amuna a mnzawo.

"Ambuye alemekezeke! Ine ndimadziwa kale. Mkhristu weniweni aliyense amabwera kutchalitchi Lamulungu. A Zakeyu ankabwera Lamulungu lililonse, mvula kaya dzuwa, ankakhala pomwe apo pafupi ndi zenera. Basi, anali Mkhristu weniweni!"

"Ameni!" anayankha anthu, ena atayamba kale kulunjika kukhomo.

Ine ndinali ndikuyang'ana Timoteyo, ndipo ndinaona nkhondo yonse pankhope pake. Anatseka pakamwa. Anagwira benchi ndi manja onse awiri, nayang'ana kudenga ngati akupempha thandizo kwa malata. Chimene ankafunika kuchita chinali chimodzi chokha, chimene ngakhale khanda limachitha: kukhala chete mpaka anthu atuluke. Ndinamupempherera mumtima kuti apirire pang'ono pokha.

"Pepani," anatero.

Anthu anaima.

"Pepani mayi Benedicta. Ndikuthokoza mtima wanu. Koma imeneyonso ndi yapathengo."

"Mwati chiyani, mwana wanga?"

"Mfundo yanuyo ndi mapasa ndi ya a Greyson ija. Taonani. Mkhristu weniweni aliyense amabwera kutchalitchi Lamulungu. Zilikwanu uyu amabwera kutchalitchi Lamulungu lililonse. Choncho Zilikwanu ndi Mkhristu weniweni."

Galuyo atamva dzina lake anatukula mutu n'kugwedeza mchira. Nthawi ino palibe anaseka.

A Felix anavula magalasi pang'onopang'ono.

"A Choncho, ndimve bwino. Mukuti kubwera kutchalitchi kwa bambo anu n'chimodzimodzi kubwera kwa galu wanga?"

"Ayi, a Tcheya, sindinatero! Ine ndikunena za kamangidwe ka mfundo. Ndikuti kubwera kokhako sikutsimikiza kanthu."

"Sikutsimikiza kuti anali Mkhristu weniweni."

"Sikutsimikiza, komanso sikutsutsa. Ndi zinthu ziwiri zosiyana zimenezo."

A Greyson anali atatsitsimuka ngati chimanga cholandira mvula. Anaimirira mwaulemu wonse.

"A Tcheya, ine ndagonja kale, msipu wanga ndaulandira. Ndili ndi kafunso kamodzi kokha kwa a Choncho, poti iwo ndiwo mwana. Mungaimirire apo pamaso pa mtanda n'kulumbira kuti bambo anu sanali a gule?"

Mwana wina aliyense wa m'mudzi mwathu, ngakhale chidakwa, akanalumbira mpaka kugwada, za kulapa n'kudzaziona Loweruka. Mayi Benedicta ankamukodola ndi maso, ndi mutu, ndi thupi lonse. Timoteyo anayang'ana mtandawo.

"Sindingalumbire pa chinthu chimene sindikuchidziwa," anatero motsitsa mawu. "Chimene ndikudziwa n'chakuti inu simunatsimikize kuti anali a gule."

"Mwamva nokha," anatero a Greyson, akutambasula manja. "Ine ndine mdani, mwatero. Nanga uyu ndi mdaninso?"

Phokoso linabuka. Wina anati ngati mwana weniweni akukayika, ife ndife ndani kuti tikaimbe. Wina anati tikakaimba kenako zilombo n'kutulukira kumanda, mpingo udzabisa kuti nkhope. Timoteyo ankayesa kufotokoza kuti kusadziwa si kuvomera, kuti iye sanakayike bambo ake koma mfundo, koma mawu ake ankangomira. A Felix anamenya tebulo.

"Tivote. Amene akuti kwaya ipite, manja m'mwamba."

"A Tcheya, choonadi sachivotera!" anakuwa Timoteyo. "Manja ngakhale achuluke bwanji sangasandutse bodza kukhala zoona!"

"A Choncho, ino ndi nthawi ya matipate. Zolamula munthu mmodzi zinapita. Manja m'mwamba."

Ife ongoonerera sitinkavota. Mwa akuluakuluwo, dzanja la mayi Benedicta linakwera msanga, ena ochepa anatsatira mwamanyazi, otsalawo anapinda manja pachifuwa. A Felix sanavutike n'kuwerenga komwe. Anati aliyense ali ndi ufulu wopita kumaliro ngati mnansi, koma mtanda utsala, yunifolomu itsala, ndipo nyimbo ya mpingo isamveke. Anatseka ndi pemphero lopempha Mulungu kuti atipatse nzeru.

Pobwerera Timoteyo anayenda yekha patsogolo, palibe anafuna kuyenda naye. Titafika pasiwa tinapeza adzukulu okumba manda atatumiza kale uthenga kuti manda atha, ndipo bokosi linali litakhomedwa. A Luwiza anasuzumira pakhomo, maso awo akufunafuna kumbuyo kwathu.

"Ali kuti anzanga? Akuvala?"

"Mfundo ya a Greyson ndaigwetsa, amayi."

"Ndikufunsa kwaya, Timo."

"Sibwera."

"Chifukwa?"

"Ndikuuzani tikabwerako kumanda," anatero akuyang'ana pansi, ndipo nthawi yomweyo amuna analowa kudzanyamula bokosi.

Ndaperekeza maliro ambiri, koma ulendo ngati umenewo sindikufuna kudzauyendanso. Anthu analipo ochuluka, pakuti a Zakeyu sanalakwire munthu, koma chimene chinkamveka ndi mapazi okha ndi kulira kwa amayi kwa apo ndi apo. A kwaya anabwera m'zitenje wamba n'kumwazikana m'gulumo, milomo atamanga. Titafika pakati pa njira, a Luwiza anayamba nyimbo okha. Koma iwo moyo wawo wonse ankaimba alito, mawu apakati aja amene amakoma pokhapokha ena akamatsogolera. Paokha sankamveka ngati nyimbo, ankangokwera pang'ono n'kutsika pang'ono, kudikira anzawo amene sankalowa. Mayi Benedicta analuma nsonga ya chitenje chawo akulira. A Luwiza anafika pakati pa ndime n'kusiya, ndipo mtima wanga unawawa kwambiri.

Kumanda kunalibe zambiri. Mkulu wina wa kubanja ananena mawu ochepa othokoza anthu, bokosi linatsika, makasu anayamba ntchito. Ndinaona Timoteyo ataima pamphepete, koma maso ake sanali padzenje. Ankayang'ana kumitengo ya kumanda, kenako kunjira, kenako kumitengo konkuja, ngati munthu wodikira basi. Dothi litafika pakati, nkhope yake inasintha. Milomo inayamba kugwedezeka ndipo zala zinatambasuka, chimodzi, chachiwiri, chachitatu. Ndinadziwa kuti a Choncho abereka mwana.

Titabwerera kumudzi anthu anasamba m'manja, anadya, nayamba kubalalika. Ine ndinatsalira kuti ndisonkhanitse mabenchi obwereka, n'chifukwa chake zotsatirazi ndinazimva ndi makutu anga. A Luwiza anali atakhala pamkeka kuseri kwa nyumba, miyendo atatambasula, atatopa ndi kulira. Timoteyo anafika n'kugwada pambali pawo, maso akuwala.

"Amayi, ndaupeza umboni. Uno ndi weniweni, palibe angaugwetse. Tamverani. Wa gule aliyense akamwalira, zilombo zimatuluka kudzamuperekeza. Lero sichinatuluke chilombo ngakhale chimodzi, ng'oma sinalire. Choncho bambo sanali a gule. Mwaona kusiyana kwake? Iyi ndi ya m'nyumba, amayi. Mawa ndipita kwa a Tcheya."

A Luwiza anamuyang'ana osamvetsa.

"Gule? Walowa bwanji gule pa maliro a bambo ako?"

Pamenepo Timoteyo anafotokoza zonse, ndipo poti bodza sankalidziwa, sanasiyeko kanthu: mawu a a Greyson, ng'ombe ya a Tcheya, galu, lumbiro, mavoti. Mayi ake anamvetsera osamudula.

"Ndiye kwaya yakana chifukwa bambo ako ankasowa tsiku la gule?"

"Inde, amayi."

"Anakufunsa kuti ankapita kuti?"

"Anandifunsa. Ndinawauza kuti si ntchito yanga kudziwa."

A Luwiza anaseka kaphwete kouma, kopanda chimwemwe m'kati. Anakweza dzanja n'kuloza nkhokwe yakale imene inaima mopendekeka kumapeto kwa bwalo, yopanda chimanga, pambali pa yatsopano.

"Ankakhala umo."

"M'nkhokwe?"

"Chaka chimene anafika ku esiteti, zilombo zinakumana nawo panjira. Mlendo, sadziwa kothawira. Zinawakwapula mpaka malaya kung'ambika. Chiyambire tsiku limenelo, akangomva ng'oma ankafunafuna pobisala, ngakhale atakalamba. M'nyumba ankakana, ankati anthu adzaona mwamuna wamkulu atadzitsekera pamodzi ndi akazi ndi ana. Ndiye ankakwera umo anthu asanadzuke, ine n'kubwezeretsa denga. Chakudya ndinkawapatsira pansi pa udzu ngati nkhuku yofungatira. Tsiku lonse ankangopemphera korona, ankati tsiku la gule ndilo tsiku limene amapemphera bwino kuposa onse."

A Luwiza anatsitsa dzanja n'kupitiriza.

"Anandipempha kuti ndisauze munthu, ankachita manyazi. Ndinasunga. Koma lero m'mawa, Timo, ndikanasiya mtembo pamphasa, ndikanakaima pakhomo la tchalitchi n'kufuula kuti mudzi wonse umve. Ndikanawatenga a Felix pamkono kudzawaonetsa. Akanaseka, inde, akanawaseka bambo ako mpaka nthiti kuwawa. Akatha kuseka akanaimba."

"Amayi, ine sindinkadziwa."

"Sunkadziwa, eya. Kutchalitchi ndi kuno ndi patali? Mwana wamng'ono amathamanga n'kubwerera phala lisanazizire. Ine ndinali pompano."

Sanakalipe, ndipo mwina zikanakhala bwino akanakalipa. Anakonza mpango kumutu n'kuyang'ananso kunkhokwe kuja.

"Korona yawo ili momwemo, anaikoleka pa nsungwi. Ndi chipwirikiti cha lerochi ndinaiwala, apita opanda. Kwera ukanditengere."

Timoteyo anavula jekete, anapita kunkhokwe, anakankhira denga pambali n'kukwera movutikira, pakuti ntchito zotere sanazizolowere. Analowa yense mpaka mutu kubisika, ndipo tinadikira kuti dzanja lituluke ndi korona. Silinatuluke. Patapita kanthawi tinamva mawu kuchokera m'katimo, oyamba otsika, kenako okwera, kulira kwa mwamuna wamkulu kopanda mawu ngakhale amodzi omveka. Ndinaika benchi pansi kuti ndipite ndikamutsitse.

"Musiyeni," anatero a Luwiza. "Bwezeretsani denga, anthu angamuone."